Mlamba wachitsulo pansi pa namasupuni

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu yonse. Ngakhale mkazi wanga amangodziwa kuti tsiku lina ndinabwera kunyumba nditanyowa ndipo sindinadye. Anthu akandifunsa za makina aja amene analowa m'damu la pa esiteti yathu, ndimawauza za makinawo basi, zina ndimasiya. Kulemba ndinakuphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha ku Masambanjati, imvi zitayamba kale, choncho mundipirire ndikamayenda pang'onopang'ono.

Ntchito ya pa esiteti ndinaiyamba ndili wamng'ono, kuthyola tiyi dengu lili kumsana. Kenako anandipititsa kodula mabulugamu a nkhuni za ku fakitale, ndipo zaka zomaliza ndinali ku nyumba ya mapampu m'mbali mwa damu. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kupalasa boti lachitsulo la esiteti, limene timapita nalo kukachotsa zinyalala pa sefa ya paipi yokoka madzi. Nditapuma pa ntchito ankandiitanabe paganyu, chifukwa anthu ambiri amaliopa damu lija. Namasupuni analiphimba pafupifupi lonse, moti mlendo akhoza kuyesa dimba la ndiwo, pomwe pansi pake pali madzi akuya.

M'nyengo yozizira ya chaka china kapitawo wa kumapampu anabwera kunyumba kwanga nati kwafika alendo ofuna munthu wodziwa boti. Ndinaganiza kuti ndi azungu. Nditafika ndinapeza mayi wakuda ngati ine, atavala jombo, akulankhula Chinyanja chathu chomwechi. Anali Mayi Mpinda, kwawo ku Goliati, koma anaphunzira kunja mpaka kutchedwa dokotala wa zamaphunziro, ndipo ankagwira ntchito ndi anthu ofufuza za nyanja. Anabwera ndi dalaivala wa galimoto ya hayala, Che Yusufu, munthu wosatha kukhala chete.

"Madala, bwerani mudzaone mlamba wa adokotala," anatero Che Yusufu akutsegula bokosi lalitali. "Umadya magetsi, subereka, ndipo mukauwotcha mumangidwa."

M'bokosimo munali chinthu chachikasu, chotalika ngati munsi, chonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Kumchira kunali zipsepse ndi kachitsulo kozungulira kopalasira madzi. Pamsana panali kamlongoti kafupi kokhala ndi nyali, ndipo kumphuno kunali mphete yokolerapo ndowe. Ndinafunsa kuti chingwe chake chili kuti. Mayi anati alibe chingwe, alibenso munthu womuwongolera ali kumtunda. Njira yonse amaiika m'mutu mwa makinawo ndi kompyuta asanalowe m'madzi, ndipo akalowa amayenda okha mpaka ntchito itatha.

"Bambo Mukhwapa, kumene ndimagwira ntchito nyanja ili ndi denga," anandiuza.

Anandifotokozera kuti kum'mwera kwenikweni kwa dziko, kupitirira Joni ulendo wautali wa pa sitima, kumazizira moti madzi a pamwamba pa nyanja amauma n'kukhala ayezi wochindikala. Munthu akhoza kuyenda pamwamba pake, koma sangaone zimene zikuchitika pansi, ndipo sitima singalowemo. Chonsecho zimene akufuna kudziwa zili pansipo: kutentha kwa madzi, mchere wake, kumene akulowera, ndiponso ngati madzi ofunda akudya ayeziyo kuchokera kunsi. Makina oterewa ndi amene amatumidwa kumeneko. Amaponya kamawu m'mwamba ndi pansi n'kumvera kubwerera kwake, ndipo potero amadziwa kuchindikala kwa denga ndi kuya kwa madzi. Ndinafunsa ngati zimenezo zikutikhudza ife a kuno. Sanakokomeze. Anangoti nyanja zonse n'zolumikizana, ndipo mvula imene imagwa pa tiyi wathu imachokera ku nyanja.

Vuto lalikulu, anati, ndi kubwerera. Makina akakhala pamwamba pa madzi amadziwa pamene ali pomvera zouluka zam'mlengalenga, monga imachitira foni. Akamira, zimenezo zimatha. Amangowerengera okha liwiro lawo ndi kampasi, ndipo akayenda nthawi yaitali amayamba kuphonya pang'onopang'ono. Pa nyanja wamba zilibe kanthu, amangoyandama paliponse n'kudziwanso pamene ali. Koma pansi pa ayezi, akayandama pamalo olakwika amagunda denga n'kukanirira pomwepo. Mng'alu umene analowera umatha kutsekeka, choncho ayenera kupeza wina kumene sitima yasunthira. Mayi anali atakonza nzeru yatsopano yoti makinawo azitsata kulira kwa chipangizo china chimene iwo ankangochitchula belu. Nzeruyo inafunika kuyesedwa pamalo pamene pali denga, ndipo anakumbukira madamu a namasupuni a kwawo kuno. Akuluakulu a esiteti analola, popeza nawonso ankafuna kudziwa kuti matope adzaza bwanji m'damumo.

Makinawo anali obwereka kwa anzawo a ntchito. Sitima yopita ku nyanja ya denga ija inkanyamuka chakumapeto kwa chaka. Akatayika, kapena nzeru ija ikalephera, Mayi sakanapita, ndipo ntchito imene anaivutikira zaka ikanathera m'damu la tiyi. Anandiuza zimenezi kamodzi kokha, mosadandaula, akupukuta zala.

Ntchito inkayenda motere. M'mawa Mayi ankatsegula makinawo pa tebulo, kuona batire, kupukuta mphira zotsekera madzi n'kuzipaka girisi woonekera, kenako kutseka ndi kumanga mabawuti motsatana, limodzi uku lina uko. Tinkawamiza m'bafa la madzi kuti tione ngati patuluke thovu. Kunyamula kunali ndi lamulo lake: manja onse pansi pa mimba, osagwira zipsepse, osagwira kamlongoti. Iwo ankatsala pa khoma la damu, pamene panali madzi oyera, ndipo ndi pamene ankawalowetsera. Ine ndinkapita ndekha ndi boti, kukankha namasupuni ndi nsungwi yaitali, mpaka pa bowo limene tinadula ndi zikwanje pakati pa damu, lalikulu ngati bwalo la nyumba. Ndikafika ndinkaponya nangula, amene anali gudumu lakale la thirakitala, n'kutsitsa belu. Belulo linali ngati chitini chakuda chomangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo, ndipo ndinkatsitsa mpaka mfundo yofiira ikhudze madzi. Kulira kwake sindinkakumva, makutu anga anawonongeka ndi mapampu. Che Yusufu ankati ukagunditsa khutu pa chitsulo cha boti umamva ngati nkhuku ikujompha pa lata. Ndikamaliza ndinkanena pa wailesi ya m'manja kuti belu lalowa, ndipo Mayi ankawasiya makinawo kuti apite.

"Akalowa, boti lisasunthe," anandiuza tsiku loyamba. "Iwo sadziwa bowo, amadziwa belu. Mukapita nalo kwina, akutsatirani konko. Mukalivuula, adzafunafuna mpaka batire ithe, ayandame pansi pa udzuwu, ndipo sitidzawaonanso."

Ndinayankha kuti ndamva. Sindinaone chovuta. Kukhala pansi osasuntha ndi ntchito imene nkhalamba imaitha.

Masiku oyamba anali abwino. Maulendo anali aafupi. Ndinkakhala m'boti kuyang'ana minda ya tiyi ikukwera mapiri, anthu othyola akuoneka ngati timadontho, mpaka madzi a m'bowo atagwedezeka n'kutuluka msana wachikasu. Ndinkakola mphete ya kumphuno ndi ndowe, kuukokera m'mbali mwa boti, n'kuukweza pa matayala awiri amene tinayala pansi. Masana Che Yusufu akatha kuswali ankagawa chinangwa chophika n'kuyamba kundiseka kuti ndine msodzi woyamba m'Thyolo kugwira nsomba imodzimodzi tsiku lililonse. Ndinayamba kuwakonda makina aja, sindibisa. Chinthu chopita kumdima chokha n'kubwerera pamene wachidikirira chimakulowa mumtima.

Ulendo wotsiriza unali wautali kuposa onse, wozungulira damu lonse. M'mawa kunacha bwino ndithu. Ndinatsitsa belu, Mayi anawalowetsa. Patangopita nthawi pang'ono ndinaona mitengo ya kutsidya ikuzimirira. Chiperoni chinabwera monga chimabwerera kwathu kuno, mwakachetechete, nkhungu patsogolo, kamvula kowaza pambuyo, ndi kamphepo kozizira kolowa m'mafupa. Khoma la damu linasowa, minda inasowa, ndinatsala ine, boti ndi bowo.

Mphepoyo inayamba kukankha namasupuni yense kulowera mbali ya mapampu, ndipo bowo linayamba kuchepa. Ndinaimirira n'kumakankha m'mphepete mwake ndi nsungwi. Ndikatsegula uku, uko kwabwera. Ndinauza Mayi pa wailesi. Anati ndi zimene ayezi amachitanso, ndingoyesetsa kuti pakhale malo okwanira kutulukira. Mawu awo anali odekha, ndipo inenso ndinadekha. Inali ntchito yolemetsa mapewa koma yomveka.

Kenako mapampu anayamba kutsokomola. Makutu anga ngoipa, koma kulira kumeneko ndimakumva m'chifuwa. Ndinadziwa kuti udzu wadzaza pa sefa. Posakhalitsa anazimitsidwa, ndipo m'nkhungumo munatuluka mawu a Bwana Kamwendo, amene ankayang'anira madzi a ku fakitale ndi a m'nyumba za antchito. Anali munthu wa msinkhu wa ana anga, wosaipa mtima, koma fakitale ikaima ndi iye ankafunsidwa.

"A Mukhwapa! Madala! Bwerani nalo botilo kuno, sefa yatseka!"

"Wawa bwana!"

Mawuwo anatuluka okha, ine ndisanaganize. Manja nawo anali atagwira kale chingwe cha nangula, ndipo ndinamva gudumu lija likuzuka m'matope. Pamenepo maso anga anagwera pa chingwe china chija, mfundo yofiira ili pamadzi. Njira ya kumapampu ndinkaidziwa. Mbali imeneyo ndi yosaya, ndipo pansi pake pali zitsa za mitengo imene inamira pomanga damu, ndi waya wakale wa mpanda. Ndinabweza nangula pang'onopang'ono mpaka anakhalanso pansi.

Ndinatenga wailesi. "Mayi, abwana akufuna boti kumapampu."

"Bambo, malinga ndi nthawi, makina atembenuka kale, akulunjika kwa inu. Sindingawaitane, sangandimve. Chonde musasunthe. Ndikutuma Che Yusufu akawafotokozere."

Kuchokera pa khoma kukafika kumapampu msewu umazungulira m'minda, ndipo dothi lathu lofiira likanyowa limaterera ngati sopo. Ndinamva pambuyo pake kuti galimoto inalowa mu ngalande pa kona yoyamba, Che Yusufu n'kuyamba wapansi. Choncho kwa nthawi yaitali kunalibe wondiyankhulira.

"Madala, mukubwera kapena?" anakuwanso bwana.

Pa esiteti tili ndi kayankhidwe kathu, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito kuno akukadziwa. Bwana sakanidwa. Umati "ndikubwera bwana," kenako umachedwa. Umamanga nsapato, umafuna chipewa, umati nkhafi yagwa. Iye amakalipa, iwe umapepesa, tsiku limatha, palibe amene wanyozedwa. Ndi mmene takhalira zaka zonsezi. Mawu amenewo anali pakamwa panga. Koma ndinaona kuti ndikawanena, munthuyo angoima pamenepo kundidikira, fakitale ili gwa, pomwe akanatha kutumiza thirakitala ya thanki kukatunga kumtsinje. Ndipo nthawi imene Mayi anandiuza kuti makina afika inali ikadali kutali.

"Bwana, sindibwera!"

Mawu anga ndinawamva akubwerera kuchokera kutsidya ngati a munthu wina.

"Mwati chiyani?"

"Sindibwera, bwana! Makina a Mayi ali pansi, akutsata botili. Tumizani thanki kumtsinje."

"Botilo ndi la Mayi kapena la esiteti? Iwe Mukhwapa, ukundimva? Masamba akupsa m'fakitale, iwe uli phee kudikira chidole?"

Anali asananditchulepo iwe. Panali anthu ena pamenepo, ndinamva wina akuseka, wina akuti mdalayo wapenga. Bwana ananena zambiri, zina zoona. Anati nyumba imene ndikukhala ili pa malo a esiteti. Anati ganyu wanga watha lero. Ndinakhala pansi n'kumakankha udzu ndili chikhalire.

Ku malayini akale a antchito kuli khomo lina limene mpaka lero sindidutsapo, ndimazungulira kuseri. Ndili ndi mphamvu ndinatumidwa pakhomo limenelo, ndinayankha kuti wawa bwana, ndinachita zimene ndinatumidwa, ndipo anthu ake sindinawaonenso. Sindilemba zambiri, si nkhani ya pano. Ndikungonena kuti m'nkhungu muja, bwana akukalipa, khomo limenelo linali nane m'boti.

Patapita nthawi mawu analeka. Ndinamva thirakitala ikulira, kulowera kumtsinje. Kenako kunangotsala kamvula kakugwa pa masamba a namasupuni.

Nthawi imene Mayi ananena kuti makina afika inakwana, n'kupitirira. Anandifunsa pa wailesi ngati ndikuona kanthu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati belu likadali pa mfundo yofiira. Ndinati lili pomwepo. Anafunsanso kachiwiri, kenako analeka kufunsa, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa kukalipa kwa bwana. Ndinaganiza kuti mwina pamene ndinazula nangula paja boti linatsetsereka. Ndinaganiza kuti mwina ndakana bwana chifukwa cha chinthu chimene chakodwa kale kwinakwake. Panalibe choti ndichite koma kukankha udzu. Bowo linali litatsala ngati mphasa ziwiri. Zala zinauma ndi chisanu moti nsungwi ndinkaigwira ndi zikhatho. Kambalame kena ka miyendo yaitali kanabwera kuyenda pa masamba pafupi ndi boti, kakundiyang'ana, n'kupita.

Sindinaone msana wachikasu monga masiku onse. Ndinangoona masamba a m'mphepete mwa bowo akutukuka pang'ono, ngati pansi pali chinthu chopuma. Ndinagwada, ndinapatula ndi manja, ndipo pakati pa mizu yakuda panali kanyali kakuphethira. Makina anali ataphonya bowo ndi dzanja limodzi lokha, mutu uli pansi pa udzu. Sindinagwiritse chikwanje, ndinaopa kudula kamlongoti. Ndinazula namasupuni mmodzimmodzi mpaka mphete ya kumphuno inaoneka, ndinakola ndowe, ndinakoka. Kumchira kunali kutakulungika mizu. Ndinaichotsa ndi zala, ndinalowetsa manja pansi pa mimba, n'kuwagoneka pa matayala.

"Mayi, mlamba wafika."

Mayi anati, "Zikomo, bambo. Vuulani belu." Mawu awo anali a munthu amene wapukuta kumaso.

Nditafika pa khoma analumikiza makinawo ku kompyuta n'kundionetsa. Ndinaona pansi pa damu limene ndakhala ndikupalasa pamwamba pake zaka zonse: khwawa lakale la mtsinje, milu ya matope, zitsa zija zili ndondondo ngati anthu oimirira. Pamwamba panali denga la mizu, pena lopyapyala, pena lolendewera kwambiri pamene mphepo inaunjika udzu. Anati n'chimene chinawachedwetsa, ankatsika kuzemba mizuyo n'kukweranso. Anandisonyeza kamzere ka njira yawo. Kanali kokhotakhota, koma chakumapeto kanawongoka n'kulunjika pa kadontho kamodzi. "Apa ndi inu," anatero.

Che Yusufu anafika matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Kumapampu anakapeza bwana atachoka kale. "Madala, ndamva mbiri yanu m'njira monse," anatero. "Akuti mwakana bwana pamaso pa anthu. Ine ndimayesa ndinu munthu wa Mulungu." Anaseka, koma anavula jekete lake n'kundifunditsa. Mayi anapita ku fakitale kukapepesa, anauzidwa kuti bwana ali pa ntchito, sangaonane ndi munthu. Nkhungu inali isanachoke ndipo kunayamba kuda, choncho sefa inagona yotseka. Madzulo amenewo akazi a m'nyumba za antchito anakatunga madzi kumtsinje, ndipo ena podutsa pakhomo panga sanandipatse moni.

Mayi anapitadi ku nyanja ya denga chaka chimenecho. Che Yusufu anandionetsa chithunzi pa foni yake: chigwa choyera chopanda mtengo, mng'alu wa madzi akuda, ndi munthu wovala zofiira amene nkhope yake sinkaoneka. Anati ndi iwowo.

Kwa amene akufuna kudziwa za ntchito imeneyi, chimene ndinatolapo ine n'chochepa. Anthu amadabwa kuti makina amayenda okha, ndipo n'zoona, amayenda okha. Koma amatha kutero chifukwa kwinakwake kuli munthu amene wakhala pamene ananena kuti akhala. Ntchito ya munthu ameneyo sioneka, ndipo masiku ambiri ndi yongokhala. Kulemera kwake kumabwera tsiku limene wina ali ndi chifukwa chabwino chokuchotsera pamalopo. Ndinaphunziranso, mochedwa ngati mmene ndinaphunzirira kulemba, kuti ngati subwera ndi bwino kunena kuti subwera. Munthu amakwiya, koma amadziwa chochita.

M'mawa mwake kunacha kopanda nkhungu. Ndinavala jombo zikadali zonyowa, ndinatenga chikwanje ndi ndowe, n'kupita kukaima pa geti la fakitale. Bwana Kamwendo anafika pa njinga yamoto, anandiona, anazimitsa injini. Maso awo anali ofiira ndi tulo. Ndinawapatsa moni, anayankha ndi mutu.

"Bwana, dzulo ndinakana," ndinatero. "Lero boti lilibe ntchito ina."

Anatulutsa makiyi a nyumba ya mapampu m'thumba n'kundipatsa, osati mondiponyera, anandipatsa m'manja. Ndinatsikira kudamu, ndinapalasa mpaka pa paipi, ndinapinda malaya, n'kulowetsa mikono m'madzi ozizira kuzula mizu pa sefa, mpaka inayera yonse.